Mlatho wa pa Kalumbi

Dera la Mvunguti lili kumpoto kwa boma la Nkhotakota, kuseri kwa minda ya mpunga, ndipo wochokera kumeneko kupita ku msika, ku sukulu kapena ku chipatala ayenera kuwoloka mtsinje wa Kalumbi. M'chilimwe Kalumbi amakhala mchenga wokhawokha, mbuzi n'kumagonamo. Mvula ikakhwima amadzaza mpaka m'khosi mwa munthu wamkulu, madzi ake ofiira ndiponso othamanga, ndipo saphwera msanga. Kale mlatho usanamangidwe kunali njira ina yozungulira kumtunda, yokatulukira pa msewu waukulu, koma munthu ankanyamuka mbandakucha n'kukafika dzuwa lili paliwombo.

Masiku amenewo anthu ankawoloka pa bwato la a Yakubu. Anali bambo wa imvi za apo ndi apo, wosalankhulalankhula, amene anasiya usodzi wa panyanja chifukwa cha msana. M'chilimwe ankakhala pakhonde kusoka maukonde a anthu ena, koma zimenezo sizinkadyetsa banja. Nyengo yawo yeniyeni inali dzinja. Akuluakulu ankalipira kangachepe, ena ankapereka nsomba kapena chinangwa. Boma latsopano litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka padoko ngati nyerere, ndipo a Yakubu ankawawolotsa ulere, m'mawa ndi masana, osawerengera kuti uyu ndi wa yani.

Rukiya anali mlamu wawo, mkazi wa malemu Usman, mng'ono wawo. Usman anadwala nthawi yaitali n'kumwalira chaka cha riferendamu, kusiya ana atatu. Maliro atatha, abale ena ochokera ku Liwaladzi anayamba kukambirana zosasula malata ndi kutenga njinga. A Yakubu anawauza kuti palibe chotuluka pakhomopo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Miyezi yonse ya eda, pamene Rukiya sankatuluka m'nyumba monga mwa mwambo wachisilamu wa umasiye, chakudya chinkachokera ku khitchini kwa a Madina, akazi a a Yakubu. Pambuyo pake Rukiya anayamba kugulitsa mpunga pa msika wa pa boma. Dzinja lililonse ankawoloka ndi dengu lake pa bwato lomwelo, ndipo tsiku limene anayesa kulipira, a Yakubu anangoyang'ana kumbali mpaka iye anabweza ndalamayo pansonga ya chitenje.

Chaka chachiwiri cha matipate, wailesi inayamba kulengeza za thumba la chitukuko cha m'madera. Mvula yoyamba itangogwa, ku Mvunguti kunafika mlangizi wa zachitukuko pa njinga yamoto, mtsikana wa ku Kasungu wovala nsapato zamphira. Anthu anasonkhana pabwalo la madrasa. Iye anafotokoza kuti simenti, zitsulo ndi malipiro a amisiri zichokera ku boma, koma chomanga asankhe okha anthu a m'deralo, asankhenso komiti yokhala ndi amayi, ndipo miyala ndi mchenga asonkhanitse ndi manja awo. Akatswiri adzabwera mvula ikamatha. Akadzapeza miyala palibe, mwayi udzapita ku dera lina.

Zinthu zinatchulidwa zambiri, koma zinatsala zitatu: mjigo, chipinda cha sukulu ya ana aang'ono, ndi mlatho. Popeza ambiri sankadziwa kulemba, mlangizi anaika pansi ndowa, sileti ndi thabwa, n'kunena kuti aliyense aime kumbuyo kwa chimene akufuna. Amuna ambiri tsiku limenelo anali kunyanja, choncho amayi ndiwo anachuluka. Mzere wa pa thabwa unatalika mpaka unakhota pa mtengo wa mango. A Yakubu anakaima pa ndowa, a Madina pambuyo pawo. Rukiya anachedwa kudzuka. Anakonza mpango wake, anayang'ana mizere yonse, kenaka anakaima pa thabwa, chakumapeto. Zimene ankaganiza n'zoti mwana wake wamkulu, Ummy, anali atatsala pang'ono kulemba mayeso a sitandade eyiti, ndipo mtsinje ukakwiya kwambiri ngakhale bwato silinkawoloka. A Madina anamuona.

Pa chisankho cha komiti, amayi anzake a ku msika anatchula dzina lake pa udindo wa wapampando, ponena kuti amadziwa kuwerenga ndipo saopa kuyankha amuna. Iye anakana kamodzi, monga mwa ulemu, koma m'manja munali mutawombedwa kale. Ulembi unagwera a Tedson, bambo wa ku Rumphi amene anagwira ntchito ya ukalaliki ku minda ya nzimbe ya ku Dwangwa n'kudzamanga nyumba ku Mvunguti atapuma. Popita kunyumba a Yakubu anamupeza Rukiya panjira, anamufunira zabwino pa udindowo ndi mawu ochepa, n'kupitirira.

Miyala inkapezeka pa kachitunda ka kumadzulo kwa dera, ndipo inayenera kusenzedwa pamutu mpaka pa gombe. Komiti inapatula Lachiwiri ndi Loweruka. Tsiku loyamba anthu anabwera ambiri, ena ndi nyimbo. Sabata yachiwiri anachepa. Kenaka Ramadhani inalowa, ndipo panalibe amene akanauza munthu wosala kuti asenze mwala dzuwa likuswa mtengo. Akhristu nawo anati sangasenze okha mlatho wa anthu onse. Idi itadutsa, mulu wa pa gombe unali usanafike m'chiuno, udzu utayamba kumera pakati pa miyala.

Rukiya anayamba kuyenda khomo ndi khomo akaweruka ku msika. Anthu ankamulandira bwino, kumuyalira mkeka, koma mayankho anali ofanana. Ena ankati thangata anatha tsiku la riferendamu. Ena ankakumbutsa za ayufi amene ankawatulutsa m'nyumba ndi zikoti kuti akalambule msewu, n'kufunsa ngati zimenezo zabwereranso m'chitenje. Achinyamata ankati boma la demokalase lili ndi ndalama za azungu, lilembe aganyu. Panalinso onong'ona kuti mlathowo ndi wa chipani cholamula, pamene a chipani cholamulawo ankati komiti yadzaza ndi otsutsa. A Tedson anaganiza zoti wojomba azilipira chindapusa. Anayesa pa munthu mmodzi, wopala matabwa, ndipo iye anawauza kuti akamusumire kulikonse kumene akufuna. Sanayesenso.

Pa msonkhano wina wa komiti, pakhonde la a Tedson, mwini khonde ananena chimene ena ankangochisunga mumtima. Anati anthu saona vuto la mtsinje chifukwa amawoloka mouma, atakhala pansi, pa mtengo wochepa, ana awo ulere. Bwato likadalipo, palibe amene adzasenze mwala. Ananena akuyang'ana pansi, podziwa kuti mwini bwatoyo ndi mlamu wa wapampando. Rukiya anangopitiriza ndi nkhani yotsatira.

Mawa lake pochokera ku msika anali yekha m'bwato. A Yakubu anakankha ndi nsungwi yawo yaitali mpaka pakati pa mtsinje, kenaka anafunsa m'mene ntchito ya miyala inkayendera. Rukiya anati sikuyenda, ndipo mlangizi wanena kuti dera lina la kumwera lamaliza kale kuumba njerwa zake, likungodikira mpata.

"Nanga a komiti akuti chavuta n'chiyani?" anafunsa a Yakubu.

Rukiya akanatha kunena za Ramadhani kapena za zipani. Anayang'ana madzi, n'kunena kuti, "A Tedson akuti anthu sabwera chifukwa bwato lanu lilipo, alamu."

A Yakubu anapitiriza kukankha. Atafika kutsidya anagwira bwato ndi phazi kuti iye atsike, anamutwika dengu, n'kumuuza kuti akapereke moni kwa ana.

Sabata yotsatira, anthu olawirira anapeza padoko palibe munthu. Bwato linali litakokeredwa kumtunda, pansi pa mtengo wa mkuyu, litavundikiridwa chafufumimba. Amene anapita kunyumba kukafunsa anauzidwa kuti likudontha, lifunika phula. Masiku anapita, phula silinaoneke. Wina anabwera nalo la ulere, a Yakubu anathokoza n'kuliika m'nyumba. Asodzi a kunyanja anapemphedwa kuti abwereke lawo, koma inali nyengo ya usipa, ndipo panalibe wofuna kukoka bwato mtunda wonsewo chifukwa cha timakobidi ta padoko.

Mvula ya mu Malichi inagwa monga imagwera ku Nkhotakota, yosalekeza. Amuna olimba mtima ankavula n'kuwoloka zovala zili pamutu. Amayi a geni ankazungulira kumsewu, n'kukafika pa msika makasitomala atagula kale kwa ena. Rukiya nayenso ankazungulira. Ana ambiri anasiya sukulu, ndipo Ummy anakakhala kwa mnzake wa mayi ake kutsidya. A Madina anabwera kwa Rukiya tsiku lina masana, anakana mkeka, n'kulankhula ali chiimire. Anati m'nyumba mwawo ufa watha, amuna awo sakunena chilichonse, ndipo iwo akudziwa kuti zonsezi zinayamba tsiku la thabwa lija. Rukiya anawapatsa mpunga m'beseni. Anaulandira, koma beseni anabweza kudzera mwa munthu wina.

Ndiye kunadwala mayi Shamsa, nkhalamba ya pafupi ndi mzikiti, imene inali ndi chifuwa kuyambira kale. Ana awo anathamangira kwa a Yakubu. Iwo anatuluka msanga, anagubuduza bwato mothandizana ndi anawo n'kulikokera kumadzi. Koma bwato litakhala padzuwa ndi pamvula nthawi yonseyo, mng'alu wa pansi unali utakula, ndipo madzi analowa asanakankhe n'komwe. Anayesa kutseka ndi sanza, osatheka. Wodwalayo anamunyamula pa machira kuzungulira kumsewu. Anagonekedwa ku chipatala, ndipo anamwalira sabata isanathe.

Ena ankati mayi Shamsa anali atafooka kale, bwato silikanasintha kanthu. Koma pa maliro mawu amenewo sanamveke kwambiri. Chimene chinamveka n'choti munthu mmodzi wagwira dera lonse pakhosi chifukwa chokwiya ndi mlatho, kuti anthu amugwadire. A Yakubu analipo pa janaza, pemphero la maliro, anasenza nawo jeneza mpaka kumanda. Pobwerera anayenda okha. Pa sadaka, mwana wamkulu wa malemu anaimirira n'kunena kuti iye ndi abale ake Loweruka akasenza miyala, kuti pasadzapezekenso wina wopempha chifundo kwa mwini bwato.

Loweruka limenelo kachitunda kanadzaza. Anabwera a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi, a chipani ichi ndi a chipani icho, mpaka wopala matabwa uja ndi wilibala yake. Nyimbo zinabwereranso, ndipo ina inali yatsopano, yonyoza munthu wogona pa bwato louma. Rukiya ankaimirira pa gombe kulozera poika miyala. Nyimbo ija ikamadutsa ankakhala ngati akuyang'ana mulu. Sanaimbe nawo, komanso sanaletse. A Tedson ankayenda uku ndi uku akumwetulira, ndipo anamuuza Rukiya kuti Mulungu ali ndi njira zake. Akatswiri pofika, milu inali itatalika kuposa munthu, mchenga uli pambali pake, ndipo mlangizi anati pa madera ake onse sanaone anthu ogwirizana ngati a ku Mvunguti.

Rukiya anapita kwa alamu ake kamodzi m'nyengo imeneyo. Anawapeza pakhonde akusoka ukonde, chala chachikulu cha kuphazi chitakola chingwe. Atapatsana salamu anakhala pansi patali pang'ono, ndipo anafunsa molunjika ngati bwato analichotsa chifukwa cha mawu amene iye ananena tsiku lija.

"Bwato linkadontha, mayi a Ummy," anayankha.

"Linkadontha chaka chathanso, koma munkawolotsa."

"Chaka chatha msana unali bwino."

Anapitiriza kusoka. Rukiya anatsazika n'kumapita. Kunyumba anaganizira mayankho amenewo masiku angapo. Mwina alamu ake anachita dala kuti anthu adzuke, mwina anapsa mtima kumva kuti ntchito yawo ya zaka zonsezi yasanduka chopinga, mwinanso zonse ziwiri. Za mawu a m'bwato aja sanauze munthu, ndipo a Yakubu nawo sanauze ngakhale akazi awo.

Madzi ataphwa, lole inabweretsa simenti ndi zitsulo, ndipo panafunika mlonda wolipidwa mwezi ndi mwezi. Rukiya anatchula dzina la a Yakubu m'komiti. Anati mlathowu ukuwachotsera chakudya pakamwa, ndipo ndi munthu amene sanabepo chinthu cha wina. Kenaka msungichuma, amene anali mphwake wa mayi Shamsa, anati anthu amene anasenza miyala akamva zimenezo adzatenga miyala yawo kubwerera nayo kuchitunda. Wina anawonjeza kuti za kukondera achibale zinatha ndi boma lakale. A Tedson anati malamulo a thumba amafuna kuti wapampando atuluke pokambirana za mbale wake. Rukiya anatuluka n'kukaima pa mpanda. Atamuitana, anali atasankha mnyamata wina wa ku tchalitchi cha a Tedson. Iye anavomera, ndipo msonkhano unapitirira pa nkhani ya madzi osakanizira simenti.

Ntchito inatenga chilimwe chonse. Rukiya ankagawa nthawi pakati pa msika ndi gombe, kulandira katundu, kukangana ndi amisiri, kukonza magulu a amayi otunga madzi. Geni yake inatsika, koma dzina lake linakwera. Anayamba kuitanidwa ku maphunziro a makomiti pa boma, kumene ankapatsidwa fanta ndi mabanzi, ndipo kawiri anatengedwa pa galimoto kukalankhula ku madera amene miyala inkavuta. Kumeneko ankamufunsa chinsinsi cha ku Mvunguti. Ankayankha kuti anthu amafunika kuwayendera khomo ndi khomo, osatopa.

Mlatho unatha mvula isanayambe. Unali wopapatiza, wokwana ngolo imodzi, wa zitsulo zogwirira m'mbali. Pa tsiku lotsegulira panabwera akuluakulu a pa boma, ndipo a zipani anakanganirana mipando ya kutsogolo mpaka mlangizi anawonjezera benchi. Shehe anapemphera, abusa anapempheranso. Rukiya analankhula mwachidule, kuthokoza boma ndi onse amene anasenza miyala. A Yakubu kunalibe. Anali atachoka mwezi umodzi m'mbuyomo kupita ku Dwangwa, kumene msuweni wawo wa golosale ankafuna munthu wolondera ndi kutsitsa katundu. Bwato anagulitsa kwa mayi wina amene analisandutsa modyera nkhumba. A Madina anatsala ndi ana, ndipo akakumana ndi Rukiya pa mlatho ankapatsana salamu basi.

Dzinja linabwera, Kalumbi anadzaza, anthu n'kumadutsa pamwamba. Njinga zinayamba kufika mpaka pa mzikiti, ogula mpunga a ku Lilongwe anayamba kulowa okha m'dera, ndipo wina anatsegula chigayo. Ummy anakhoza mayeso, anasankhidwira ku sekondale yoyendera. Komiti inayamba kukambirana zopemphanso mjigo, ndipo amayi anati wapampando akhale yemweyo.

Chakumapeto kwa dzinjalo Rukiya anakwera minibasi kupita ku Dwangwa kukaoda shuga, chifukwa anali atayamba kugulitsanso timapaketi pambali pa mpunga. Atamaliza anafunsa golosale ya msuweni uja. Anawapeza a Yakubu atakhala pa kreti kuseri kwa sitolo, atavala jasi lalikulu la ulonda ngakhale kunali kotentha, akumwa tiyi m'kapu ya pulasitiki. Anali ataonda pang'ono. Anaimirira, anamupatsa kretiyo, iwo n'kukhala pa njerwa.

Anafunsa za ana mmodzimmodzi, za sukulu ya Ummy, za denga la nyumba ya malemu Usman ngati silikudontha. Anafunsa amene anamwalira ndi amene anakwatira. Za mlatho sanafunse, ndipo Rukiya sanaziyambe. Iye anafunsa za msana. Iwo anati matumba a feteleza ndiwo ovuta, koma anyamata a pasitolo amathandiza, ndipo mzikiti uli pafupi. Rukiya anatulutsa kathumba ka mpunga kamene anawatengera. Anakalandira ndi manja awiri, n'kukaika m'kati mwa jasi.

Kondakitala wa minibasi ya ku boma anayamba kuitana. A Yakubu anamunyamulira bandulo la shuga mpaka pamsewu, ngakhale iye anakana. Minibasi isananyamuke anasendera pa windo.

"Mukawauze a Madina kuti anditumizire nsapato zanga zakuda zija," anatero. "Izi zatha pansi."

Rukiya anati akawauza. Minibasi inanyamuka, inaima pa Liwaladzi kukweza mabasiketi a usipa, ndipo anafika pa boma nthawi ya swala, pemphero la masana, itadutsa. Anasiya shuga kwa mnzake wa pa msika, n'kuyamba wa kwa a Madina asanafike kwake.